Wailesi Yatsopano Yapsa Bwanji? Mafunso ndi Mayankho pa za Masipika a M'galimoto

Pa msewu wa M12, kuchokera pa Kamwendo kudutsa pa boma la Mchinji mpaka ku chipata cha Mwami, galimoto yonyamula anthu yopanda nyimbo ndi yosowa. Ma Sienta ndi maminibasi ambiri ndi obwera kuchokera ku Japan atagwirako kale ntchito, ndipo akangofika, eni ake amathamangira kusintha wailesi ndi kuwonjezera masipika. Sipatenga nthawi, ena mwa mawailesiwo amapezeka pa benchi ya mmisiri akununkha kupsa. Mwini galimoto amadandaula kuti anam'gulitsa feki. Nthawi zina n'zoona. Koma nthawi zambiri wopha wailesiyo ndi kanambala kakang'ono kolembedwa kuseri kwa maginito a sipika, kamene wogula sanakayang'ane n'komwe chifukwa maso anali pa mawati olembedwa pa katoni.

Wailesi yobwera ndi galimoto imakhala ikuimba bwinobwino. Anthu amaichotseranji?

Nkhani imayambira ku Japan. Mawailesi ambiri a m'galimoto za kumeneko amagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, pomwe kuno ku Malawi ndi ku Zambia nyumba zoulutsira mawu zili pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Choncho wailesi yotere imangotola masiteshoni ochepa a kumunsi, ena onse siiwamva. Ena amaika kachipangizo ka band expander pa waya wa eriyo, koma ambiri amangoizula n'kuika ya Pioneer, Sony, JVC, Kenwood kapena ina yopanda dzina lodziwika, bola ikhale yolowa fulashi ndi Bluetooth.

Kusinthako kulibe vuto. Vuto limabwera munthu akaona kuti dashibodi yatsegulidwa kale n'kunena kuti tiwonjezeretu masipika kumbuyo, n'kuwapachika pa mawaya omwe alipowo popanda kuwerengera kalikonse.

Kodi 4Ω kapena 8Ω wolembedwa kuseri kwa sipika amatanthauza chiyani?

M'kati mwa sipika muli kawaya kopyapyala kokulungidwa kambirimbiri, kamene amisiri amati koyilo, ndipo kamakhala mu mpata wa maginito. Wailesi ikatumiza magetsi, koyiloyo imakankhika ndi kukokeka, pepala la sipika n'kumanjenjemera. Mawu amene timamva ndi amenewo. Koma koyilo silola magetsi kungodutsa mwaulere, imawakaniza. Kukaniza kumeneku ndiye impedance, ndipo muyeso wake ndi ohm, potengera dzina la Georg Simon Ohm wa ku Germany, amene mu 1827 anasindikiza lamulo lake lodziwika lija. Lamulolo ndi lachidule: gawani mavolti ndi ma ohm, yankho lake ndi ma ampere, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda m'waya.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amayesa kuti sipika ya ma ohm 8 ndiyo yolemetsa wailesi chifukwa nambala yake ndi yaikulu. Ayi ndithu. Ya 8 imakaniza kwambiri, choncho imatenga magetsi ochepa. Ya 2 ndiyo imatsegula khomo lonse n'kuikama wailesi mpaka kuitopetsa. Nambala ikamatsika, wailesi ntchito imaikulira.

Dziwaninso kuti nambala yolembedwayo ndi yapakatikati chabe. Nyimbo ikamaimba, kukaniza kwa sipika kumakwera ndi kutsika malinga ndi mawu amene akutuluka, kaya ndi besi kapena mawu okwera. Komabe nambala yolembedwayo ndi imene timawerengera pomanga.

N'chifukwa chiyani masipika a m'galimoto amakhala a ma ohm 4, pomwe a m'nyumba ambiri ndi a 6 kapena 8?

Chifukwa cha batire. Ampulifaya ya m'nyumba imadya magetsi a ESCOM a mavolti 230, ndipo imatha kudzipangira mavolti okwanira kukankha sipika yokaniza kwambiri. Wailesi ya m'galimoto ilibe mwayi umenewo. Batire ndi ya mavolti 12, ndipo injini ikamalira, alternator imawakweza kufika cha m'ma 14. Pa magetsi amenewa, wailesi singapereke ku sipika mavolti oposa 10 mawu asanayambe kuwonongeka.

Tiwerengere limodzi. Mawati timawapeza pochulukitsa mavolti ndi mavolti omwewo, kenako n'kugawa ndi ma ohm. Ndiye kuti 10 kuchulukitsa ndi 10 ndi 100. Tikagawa ndi 8 tikupeza mawati 12.5. Tikagawa ndi 4 tikupeza 25. Opanga anasankha 4 kuti mavolti ochepa a m'galimotowo atulutse mawu omveka ngakhale injini ndi matayala zikusokosa. Tikachotsa zotayika m'kati mwa wailesi, mawati enieni amene sipika iliyonse imalandira amakhala cha pakati pa 18 ndi 22.

Ndili ndi masipika a wailesi ya m'nyumba a ma ohm 8. Ndikawaika m'galimoto ndiwononga kanthu?

Wailesi simuiwononga. Mabuku a mawailesi ambiri a m'galimoto amalola masipika a pakati pa ma ohm 4 ndi 8, ndipo pa 8 wailesi imagwira ntchito mopepuka, siitentha kwambiri. Chimene mutaye ndi theka la mawati. Zikumveka ngati zambiri, koma khutu silimva choncho. Mawati akatsika ndi theka, mawu amangotsika pang'ono, zimene akatswiri amati ma decibel 3. Kuti khutu limve ngati mawu akwera kawiri, pamafunika mawati ochuluka pafupifupi ka 10.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo. Choyamba, musabwezere mawu otayikawo pokweza voliyumu mpaka pamapeto, chifukwa wailesi ikafika polekezera mphamvu zake imatulutsa mawu ophwanyika amene amatenthetsa koyilo. Chachiwiri, musaike ya 4 kumanzere ndi ya 8 kumanja, chifukwa mbali imodzi izimveka mokweza kuposa inzake. Kumbukiraninso kuti sipika ya m'nyumba sinapangidwire chinyontho cha m'chitseko kapena mabampu ndi fumbi la misewu ya kumidzi.

Nanga ma ohm akatsika kufika pa 2, chimachitika n'chiyani?

Pa mavolti 10 aja, sipika ya ma ohm 4 imakoka ma ampere 2.5. Ya ma ohm 2 imafuna 5. Magetsi onsewo amadutsa mu kachipangizo kamodzi kakang'ono, IC, monga TDA7388 imene imapezeka m'mawailesi ambiri otsika mtengo. IC imodzi yomweyo ndiyo imayendetsa masipika onse anayi, ndipo choiziziritsa ndi kachitsulo ka kuseri kwa wailesi kokha, m'dashibodi momwe mphepo siyenda. Onjezanipo dzuwa la Okutobala, galimoto itaima pa siteji kudikira anthu, nyimbo zili m'mwamba.

Chonyenga n'chakuti tsiku loyamba mawu amamveka okwera kuposa kale, mwini wake n'kumayamika mmisiri. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Posakhalitsa wailesi imayamba kudula mawu pamene besi yagunda, kapena kuzima yokha n'kuyakanso ikazizira. Mawailesi ena amalemba PROTECT kapena AMP ERROR. Kumeneko ndi kudziteteza, ndipo ndi chenjezo lanu. Wailesi imene chitetezo chake ndi chofooka imangopsa.

Fyuzi ya kuseri kwa wailesi, imene kawirikawiri ndi ya ma ampere 10, ikayamba kuduka pafupipafupi, musaibweze ndi waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Fyuzi ikamaduka ndiye kuti penapake pali cholakwika, ndipo mukaitseka pakamwa chimapsa ndi chinthu chodula kuposa iyoyo. Alipo mawailesi opangidwira kupirira ma ohm 2, koma khulupirirani zimenezo pokhapokha buku lake litanena.

Minibasi yanga ndi yaitali, ndikufuna masipika 8. Ndilumikize bwanji?

Wailesi ili ndi njira zinayi zotulutsira mawu, iliyonse ndi mawaya ake awiri. Lamulo ndi limodzi: chilichonse chimene mwapachika pa njira imodzi, mukachiwerengera pamodzi, chikhale pakati pa ma ohm 4 ndi 8.

Kalumikizidwe kali pawiri. Koyamba ndi kophatikiza, parallel: pulasi ya sipika iyi ndi pulasi ya inzake pa waya mmodzi, mainasi ndi mainasi pa waya winayo. Ndi kosavuta, n'chifukwa chake ambiri amachita komweko, koma kamatsitsa ma ohm. Zili ngati pampu yothirira m'dimba: mukaipatsa mapaipi awiri m'malo mwa imodzi, iyenera kutulutsa madzi owirikiza. Masipika awiri a 4 amasanduka 2. Atatu amasanduka 1.3. Masipika akakhala ofanana, mungogawa ma ohm ndi chiwerengero chawo. Akakhala osiyana, chulukitsani manambala awiriwo, kenako mugawe ndi zimene mupeze mukawaphatikiza. Ya 4 ndi ya 8 zimapereka 32 kugawa ndi 12, amene ndi 2.7. Ngakhale pamenepa mwatsika kale mopyola malire.

Kachiwiri ndi kondondozana, series: waya wa pulasi wochokera ku wailesi ulowe pa pulasi ya sipika yoyamba, mainasi ya yoyambayo ipite pa pulasi ya yachiwiri, mainasi ya yachiwiri ibwerere ku wailesi. Apa ma ohm amawonkhetsana: 4 ndi 4 ndi 8.

Choncho kwa masipika 8 muli ndi njira ziwiri zabwino. Ngati ndi a ma ohm 8, aphatikizeni awiriawiri pa njira iliyonse, mupeza 4. Ngati ndi a ma ohm 4, andondozeni awiriawiri, mupeza 8. Koma musayembekezere phokoso lowirikiza. Mawati a wailesi sawonjezeka, masipika akungogawana. Phindu lake n'lakuti wokhala mpando wa kumbuyo amva bwino popanda kugonthetsa wokhala pafupi ndi dalaivala.

Masipika ambiri a pa msika ndi ogwiritsidwa kale ntchito, zolemba zinafufutika. Ndingadziwe bwanji ma ohm ake?

Ndi mita yoyezera magetsi, multimeter, imene mmisiri aliyense wa zamagetsi a galimoto ayenera kukhala nayo. Chotsani sipika pa mawaya ake. Ikani mita pa chizindikiro cha Ω, pa 200. Yambani mwagunditsa timawaya ta mita tokhatokha kuti muone kanambala kamene ikuonetsa, mwina 0.3, kuti mukachotsere pa yankho. Kenako gwirani mbali ziwiri za sipika.

Mita imaonetsa nambala yotsikirapo kuyerekeza ndi yolembedwa, chifukwa imayeza ndi magetsi osasinthasintha, osati nyimbo. Sipika ya ma ohm 4 imaonetsa cha pakati pa 3 ndi 3.6. Ya 8 imaonetsa cha pakati pa 5.5 ndi 7. Ikaonetsa cha m'ma 1.5, imeneyo ndi ya 2. Ikaonetsa pafupifupi 0, koyilo inashota. Mita ikakhala ngati simunagwire kanthu, koyilo inaduka.

Masipika a mitundu iwiri musawamange musanawayeze. Oyamba ndi amene anapsa n'kukulungidwanso koyilo, chifukwa wokulungayo akagwiritsa waya wonenepa kapena wofupika, ma ohm amatsika ngakhale kuseri kukadali 4Ω. Achiwiri ndi ochotsedwa m'galimoto zapamwamba zokhala ndi zoimbira za JBL kapena Bose. Ena mwa amenewa ndi a ma ohm 2, opangidwira ampulifaya yawoyawo yobisika pansi pa mpando kapena m'buti.

Ndikawonjezera matwita pa masipika a kutsogolo, si ndiye kuti ma ohm atsikanso?

Osati kwenikweni, malinga twita ili ndi kapasita yake. Kapasitayo imatsekereza besi n'kulola mawu okwera okha, ndipo pa mawu okwerawo sipika yaikulu imakhala ikukaniza kwambiri. Awiriwa amagawana ntchito, salimbirana. Twita yolumikizidwa popanda kapasita ndiyo yoopsa: imatsitsa ma ohm, ndiponso besi imaipsereza msanga.

Waya wa mainasi wa sipika ndingaumange pa bodi ya galimoto kuti ndisawononge waya wambiri?

Ayi. Magetsi a nyale ndi hutala amabwereradi kudzera pa bodi, koma masipika a wailesi ya masiku ano sali choncho. Mawaya onse awiri a sipika, pulasi ndi mainasi, amakhala ndi magetsi, wina akukankha wina akukoka. Ndi njira imeneyi imene imathandiza wailesi kufikitsa mavolti 10 aja kuchokera pa batire ya 12. Waya wa sipika ukakhudza bodi, imeneyo ndi shoti. Kuphatikiza mainasi ya kumanzere ndi ya kumanja kuti ziyende pa waya mmodzi ndi shotinso.

Mitundu ya mawaya pa mawailesi ambiri ogula padera ndi yofanana. Oyera ndi a kutsogolo kumanzere, otuwa ndi a kutsogolo kumanja, obiriwira ndi a kumbuyo kumanzere, a pepo ndi a kumbuyo kumanja. Pa awiri aliwonse, wokhala ndi mzere wakuda ndiye mainasi. Wachikasu umapita ku batire, wofiira ku kiyi, wakuda wokha ndiwo wa pa bodi. Samalani kwambiri pamene waya ukudutsa kulowa m'chitseko, chifukwa kutsegula ndi kutseka kumausenda pang'onopang'ono.

Ngati pa sipika sipakuoneka pulasi ndi mainasi, tengani batire ya tochi ya mavolti 1.5 n'kugunditsa kamodzi. Pepala likatulukira kunja, mbali imene yakhudza pulasi ya batire ndiyo pulasi. Sipika imodzi ikatembenuzidwa wailesi siipsa, koma besi imazimirira chifukwa ina ikamakankha mphepo inzake ikukoka.

Pa wailesi palembedwa 50W x 4, pa katoni ya sipika 600W. Zikugwirizana?

Manambala onsewa ndi okopa wogula. 50W ndi mphamvu ya kamphindi kochepa, mawu ataphwanyika kale. 600W ya pa katoni, makamaka pakalembedwa MAX kapena PMPO, sikuuzani chilichonse chothandiza. Funani pamene palembedwa RMS, imene ndi mphamvu yopitirira. Sipika ya mawati 30 kapena 40 RMS ndi yokwanira bwino pa wailesi iliyonse wamba.

Sipika ya mawati ambiri siikoka magetsi ambiri chifukwa cha mawatiwo. Nambala ya mawati imangonena zimene ingapirire. Chimene chimalamula zimene ikoke ndi ma ohm. Kaya mukugula pa boma, ku Malangalanga ku Lilongwe kapena mwawolokera ku Chipata, tembenuzani sipika muone kuseri musanafunse mtengo.

Ndikufuna besi yogunda pachifuwa. Wufa ndiyimange pa mawaya a kumbuyo?

Wufa yaikulu imafuna mawati mazana, wailesi ili ndi 20. Pamenepa pakufunika ampulifaya yapadera, imene imakweza mavolti m'kati mwake n'kupeza mphamvu imene wailesi singafikire. Wailesi imangotumiza mawu kudzera pa zingwe za RCA, ndipo waya wabuluu wa mzere woyera ndiwo umayatsa ampulifaya.

Nkhani ya ma ohm siinathe. Werengani pa ampulifaya nambala yotsikitsitsa imene imalola. Ampulifaya ya njira ziwiri mukaiphatikiza kuti ikankhe wufa imodzi, zimene amati bridge, njira iliyonse imamva ngati yapatsidwa theka la ma ohm a wufayo. Choncho imene imalola 2 pa njira iliyonse imafuna wufa ya 4 ikakhala pa bridge. Mawufa ena ali ndi makoyilo awiri. Ya makoyilo awiri a 4 imapereka 2 mukawaphatikiza kapena 8 mukawandondoza, koma 4 siingapereke. Ya makoyilo awiri a 2 imapereka 1 kapena 4. Sankhani wufa mutadziwa kale ampulifaya yanu.

Waya wochokera ku batire ukhale wonenepa, ndipo fyuzi yake ikhale pafupi ndi batire, osati kumbuyo kwa galimoto. Ampulifaya ya mawati 500 RMS ikafika pachimake imatha kukoka ma ampere oposa 40. Mukaona nyale za kutsogolo zikuphethira motsatira besi usiku, alternator yanu yalemedwa.

Ambiri kuno amagwiritsa wailesi ya m'galimoto mu golosale, mometera tsitsi kapena m'nyumba pa batire ya sola. Malamulo ndi omwewa?

Ndi omwewa. Wachikasu ndi wofiira aphatikizane kupita ku pulasi ya batire kudzera pa fyuzi, wakuda ku mainasi. Malire a ma ohm 4 mpaka 8 sasintha, ndipo masipika a m'nyumba a 6 kapena 8 apa ndi pamalo pake. Wailesi musaitsekere m'kabokosi kopanda mpata wa mphepo.

Zimkuzamawu zolengezera malonda kapena misonkhano zambiri ndi za ma ohm 8 kapena 16, ndipo ziwiri za 8 zophatikiza zimapereka 4. Ingochepetsani besi, chifukwa sizinapangidwire imeneyo. Koma chimkuzamawu cholembedwa 100V chili ndi thiransifoma m'kati, ndipo chimafuna ampulifaya ya mtundu wake.

A mathiraki odutsa pa Mwami ali ndi nkhani inanso. Mathiraki akuluakulu amayendera mavolti 24, mabatire awiri a 12 ondondozana. Wailesi ya 12 mukailumikiza pamenepo imapsa nthawi yomweyo, ma ohm a masipika akhale olondola chotani. Kutapa magetsi pa batire imodzi yokha kumachititsa kuti mabatire awiriwo asamadzadze mofanana, imodzi n'kufa msanga. Gulani chotsitsira mavolti kuchoka pa 24 kufika pa 12, kapena wailesi yopangidwira 24.

Mmisiri akamaliza ntchito, ndione chiyani ndisanalipire?

Muuzeni asabwezere wailesi m'dashibodi musanaone zinthu zitatu. Choyamba, azule pulagi ya kuseri n'kuyeza ndi mita mawaya a masipika awiriawiri, oyera, otuwa, obiriwira ndi a pepo, inu mukuona. Paliponse pamene pali sipika, mita isaonetse pansi pa 3. Chachiwiri, ayeze pakati pa waya uliwonse wa sipika ndi bodi: pasakhale kulumikizana kulikonse. Chachitatu, imbitsani nyimbo ya besi kwa mphindi 15 pa voliyumu imene mumakonda poyenda, kenako gwirani kachitsulo ka kuseri. Kufunda n'kwachibadwa. Kukakhala kotentha moti chala sichingapirire, kapena mawu akayamba kudukaduka, ntchito siinathe.

Ndipo mukamva kuti mawu akuchepabe, musapachike sipika ina pa mawaya omwewo. Wailesi yapereka zonse zimene ili nazo. Sungani ndalama ya ampulifaya.